GALILEO GALILEI, MUNTHU AMENE ANALOZETSA MANDALA KUMWAMBA

Sabata ino pa tsamba lathu tilemba mbiri ya Galileo Galilei, mphunzitsi wa masamu wa ku Italy, amene anamwalira mu 1642. Munthu ameneyu sanali mfumu, sanatsogolere nkhondo, ndiponso sanasiye cuma cambiri. Cimene akumbukiridwa naco ndi cida cooneka ngati nsungwi yobooka, cotalika pafupifupi mita imodzi, cokhala ndi galasi limodzi kutsogolo ndi lina kumbuyo. Cida cimeneci, cochedwa telesikopu, iye anacikonza ndi manja ake nacilozetsa kumwamba usiku. Zimene anaona zinagwetsa ciphunzitso cimene anthu ophunzira a ku Ulaya anakhala akucikhulupirira kwa zaka zoposa 1,000, ndipo zinamtengera kubwalo la milandu atakalamba.

ZIDA ZIMENE ZINALIPO KALE

Nkoyenera kuti awerengi adziwe poyamba mmene anthu anali kupendera nyenyezi iye asanapange cida cake. Monga makolo athu amene anali kuyang'ana mwezi kuti awerenge nyengo, ndi nthanda kuti adziwe kuti kunja kuli pafupi kuca, mitundu yonse ya anthu inali kudalira maso okha. Zida zinalipo, koma nchito yake inali kupima malo a nyenyezi, sizinali kukuza cinthu ciliconse.

Cimodzi mwa zidazo cinali astrolabe, mbale ya mkuwa yolembedwa mizere, yokhala ndi kandodo kozungulira pakati pake. Munthu anali kuilendewetsa pa cala, nalunjika kandodoko pa nyenyezi, nawerenga pa mizereyo kukwera kwa nyenyeziyo pamwamba pa malire a thambo ndi dziko. Mwa njira imeneyi anali kudziwa nthawi ya usiku. Agiriki ndiwo anaciyamba, ndipo akatswiri a Cisilamu anacikonza bwino koposa, nacigwiritsa nchito podziwa nthawi za mapemphero ndi mbali ya ku Mecca. Mfumu Ulugh Beg inamanga ku Samarkand, m'zaka za m'ma 1420, cida copimira cacikulu ngati nyumba. Ku Denmark nako, Tycho Brahe anamangirira ku cipupa cida ca mkuwa cochedwa quadrant pa cisumbu ca Hven, napima naco nyenyezi kwa zaka pafupifupi 20 molondola kuposa onse amene anakhalako iye asanabadwe. Komabe pamene anamwalira mu 1601, Tycho anali asanaone nyenyezi ngakhale imodzi imene mbusa wa ng'ombe wa maso akuthwa sakanatha kuiona.

M'masukulu munali kuphunzitsidwa maganizo a Aristotle ndi Ptolemy, akuti dziko lapansi lili pakati ndipo siligwedezeka, pamene dzuwa, mwezi ndi nyenyezi zimalizungulira. Anali kunenanso kuti zonse za kumwamba nzosalala ndi zopanda banga. Mu 1543 munaturuka buku la Nicolaus Copernicus wa ku Poland, lonena kuti dzuwa ndilo lili pakati ndipo dziko ndilo limayenda molizungulira. Ochuka ambiri sanabvomereze zimenezi, popeza panalibe cooneka ndi maso cimene cinali kumcitira umboni.

UBWANA NDI MAPHUNZIRO

Galileo anabadwa pa 15 Febuluwale 1564 mu mzinda wa Pisa. Anali mwana woyamba wa Vincenzo Galilei, woimba zeze wa kumeneko wochedwa lute, ndi Giulia Ammannati. Atate ake anafuna kuti iye akhale dokotala, cotero anamtumiza ku Yunivesite ya Pisa. Koma mtima wa mnyamatayo unakopeka ndi masamu, ndipo mu 1585 anacoka pa sukulupo wopanda digiri. Anapitiriza kuphunzira payekha kufikira anapatsidwa nchito yophunzitsa masamu pa yunivesite yomweyo mu 1589.

Mu 1591 atate ake anamwalira. Akuluakulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo udindo wonse wa banja unagwera Galileo. Mwambo wa ku Italy wa masiku amenewo unali wakuti banja la mkazi ndilo linali kupereka cuma kwa mwamuna pa ukwati, ndipo ngongole za maukwati a alongo ake awiri zinambvutitsa kwa zaka zambiri. Mu 1592 anasamukira ku Yunivesite ya Padua, m'dera lolamulidwa ndi mzinda wa Venice, kumene anaphunzitsa zaka 18. Kumeneko anabala ana atatu ndi Marina Gamba: Virginia mu 1600, Livia mu 1601 ndi Vincenzo mu 1606.

Popeza malipiro anali osakwanira, anali kusunga ophunzira m'nyumba mwake ndi kugulitsa zida. Ca m'ma 1597 anakonza kampasi ya mkuwa yothandiza asilikali ndi opima malo kuwerengera msanga, nalemba nchito mmisiri Marcantonio Mazzoleni kuti azisula makampasiwo. Cotero umphawi unamphunzitsa cinthu cimene aphunzitsi anzake ambiri anali kucipeputsa, ndico nchito ya manja.

MBIRI YOCOKERA KU HOLLAND

Galileo sindiye anayamba kupanga telesikopu. Mu Okutobala 1608, Hans Lipperhey, wopanga mandala a m'maso mu mzinda wa Middelburg ku Holland, anapempha boma la dziko lake kuti limpatse iye yekha cilolezo copanga cida coonetsa zinthu zakutali ngati zili pafupi. Boma linakana cifukwa panapezeka enanso odziwa luso lomwelo. Cidaco cinali kukuza zinthu pafupifupi katatu, ndipo posacedwa cinayamba kugulitsidwa m'mizinda ina ya ku Ulaya.

Mbiri imeneyi inamfika Galileo pakati pa caka ca 1609, ndipo anayamba kuyesa yekha. Anatenga paipi ya mtobvu, naika kutsogolo kwake galasi lotukuka pakati, ndi kumbuyo, kumene diso limayang'anira, galasi lolowa pakati ngati mbale. Galasi lakutsogolo limasonkhanitsa kuwala kocokera ku cinthu cakutali, ndipo lakumbuyo limakuwongola kusanakumane pamodzi, kotero kuti diso limaona cinthuco cacikulu ndiponso coimirira bwino. Anazindikira kuti mphamvu ya cidaco imakula ngati galasi lakutsogolo lili lotukuka pang'ono cabe ndipo lakumbuyo lili lolowa kwambiri. Mandala otere sanali kupezeka m'masitolo, cotero anaphunzira kupera ndi kusalaza magalasi yekha. Nchitoyi inali yowawa, pakuti mwa magalasi ambiri amene anapera, owerengeka okha ndiwo anaturuka abwino.

Mu Ogasiti 1609 anali ndi telesikopu yokuza kasanu ndi katatu. Anakwera nayo pa nsanja ya San Marco pamodzi ndi akuluakulu a boma la Venice, amene anaona zombo pa nyanja kukali maola awiri kuti zioneke ndi maso. Kwa mzinda wodalira malonda a pa nyanja ndi woopa adani, cimeneci cinali cinthu ca mtengo wapatali. Iye anapereka cidaco ku boma monga mphatso, ndipo boma linakweza malipiro ake kufika pa ndalama za kumeneko zochedwa florin 1,000 pa caka, nalonjeza kuti adzakhala pa nchito moyo wake wonse. Pofika kumapeto a caka comweco anali atapanga ina yokuza nthawi 20.

ZIMENE ANAONA

Thomas Harriot wa ku England anali atajambula kale mwezi ndi telesikopu miyezi yocepa m'mbuyomo, koma sanafalitse zimene anaona. Galileo anayang'ana mwezi usiku ndi usiku kumapeto a 1609. Anaona kuti mzere wolekanitsa mbali yowala ndi mbali ya mdima ngwokhotakhota, ndiponso kuti m'mbali ya mdima muli timadontho towala, monga mmene dzuwa limayambira kuwomba pa nsonga ya phiri m'mamawa pamene m'dambo mukali mdima. Pamenepo anadziwa kuti pa mwezi pali mapiri ndi zigwa monga pa dziko lathu, ndipo mwa masamu anawerengera kuti mapiri ena ngotalika makilomita oposa 6.

Analozetsanso cidaco ku mlalang'amba, umene ndi maso umaoneka ngati ufa wotayika pa thambo, napeza kuti ndi khamu la nyenyezi zosawerengeka. Pa kagulu ka Nsangwe, pamene anthu ambiri amaona nyenyezi 6, iye anaona zina zoposa 40.

Cacikulu koposa cinacitika pa 7 Januwale 1610. Pakati pa nyenyezi pali zowerengeka zimene zimasuntha malo ake m'kupita kwa miyezi, ndipo zimenezi zimachedwa mapulaneti. Pafupi ndi imodzi mwa izo, Jupiter, Galileo anaona tinyenyezi titatu tondondozana. Usiku wotsatira tinali titasintha malo. Kuona maso a nkhono nkudekha: iye anapitiriza kujambula malo a tinyenyezito usiku uliwonse wopanda mitambo, ndipo pa 13 Januwale anaona tinai. Anazindikira kuti ndi miyezi inai yozungulira Jupiter. Zimenezi zinaonetsa kuti si zonse za kumwamba zimene zimazungulira dziko lapansi. Zinayankhanso amene anali kunena kuti dziko likadayenda likadasiya mwezi wake m'mbuyo, pakuti Jupiter, imene onse anali kubvomereza kuti imayenda, inali kuyenda ndi miyezi yake yonse.

Mu Malichi 1610 anasindikiza ku Venice kabuku kochedwa Sidereus Nuncius, kutanthauza mthenga wa nyenyezi. Anasindikiza makope 550 ndipo anatha msanga. Miyezi inai ija anaicha dzina la banja lacifumu la Medici, ndipo Cosimo II, wolamulira cigawo ca Tuscany, anamuitana ku Florence kuti akhale katswiri wa masamu wa kunyumba yacifumu. Anasamuka mu Sepitembala caka comweco. Potero anacoka m'manja mwa boma la Venice, limene linali kuteteza aphunzitsi ake ku makhoti a ku Rome.

Kumapeto a 1610 anayang'ana nthanda, imene a ku Ulaya amaicha Venus. Nyenyezi yowala kwambiri imene imaoneka kum'mawa mbandakuca, ndi imene nyengo zina imaoneka kumadzulo dzuwa litalowa, ndi imodzi yomweyo. Galileo anaiona poyamba ili yaing'ono ndi yobulungira, kenaka ili theka, pambuyo pake ili yaikulu ndi yopindika ngati mwezi watsopano. Ikadakhala nthawi zonse pakati pa ife ndi dzuwa monga anaphunzitsira Ptolemy, sikadaoneka yobulungira. Cotero zinadziwika kuti nthanda imazungulira dzuwa. Anapendanso mawanga akuda a pa dzuwa, nafalitsa makalata ake pa nkhaniyi mu 1613. Pocita zimenezi anatsata njira ya wophunzira wake Benedetto Castelli, yogwetsera cithunzi ca dzuwa pa pepala loyera. Awerengi acenjere: kuyang'ana dzuwa m'galasi lokuza kumaononga maso.

KUFOOKA KWA CIDACO

Telesikopu ya Galileo inali ndi zilema zake. Inali kuonetsa kadera kocepa kwambiri ka thambo, kotero kuti ngakhale mwezi sunali kuoneka wonse nthawi imodzi. Magalasi a masiku amenewo anali ndi timathobvu mkati, ndipo m'mphepete mwa zinthu munali kuoneka mitundu yonga ya utawaleza. Pamene anayang'ana Saturn mu Julaye 1610, anaganiza kuti ndi nyenyezi zitatu zogundana. Christiaan Huygens wa ku Holland ndiye anafotokoza mu 1659, ndi telesikopu yabwinopo, kuti Saturn yazingidwa ndi mkombero.

Cifukwa ca zilema zimenezi, ena anati zimene iye anaona ndi cinyengo ca magalasi. Mnzake wa ku Padua, Cesare Cremonini, anakana ngakhale kusuzumiramo. Koma Johannes Kepler, katswiri wa ku Germany, anayang'ana yekha natsimikiza za miyezi ya Jupiter. Mu 1611 Galileo anapita ku Rome, kumene ansembe Aciyezuiti odziwa masamu, motsogozedwa ndi Christopher Clavius, anabvomereza kuti zinthuzo zimaonekadi. Pa ulendo umenewo ndi pamene cidaco cinapatsidwa dzina lakuti telesikopu, locokera ku mau a Cigiriki otanthauza kuona patali.

Panatsala cinthu cimodzi cimene cidaco sicinathe kuonetsa, ndico kuyenda kwa dziko lenilenilo. Tycho Brahe anali ataphunzitsa kuti mapulaneti amazungulira dzuwa, koma dzuwa pamodzi nao limazungulira dziko loima cilili, ndipo zonse zimene Galileo anaona zinali kugwirizananso ndi maganizo amenewa. Pofuna umboni wina, Galileo ananena kuti kudzala ndi kuphwa kwa nyanja yamcere kumacitika cifukwa ca kuyenda kwa dziko. Pamenepa analakwa, pakuti mwezi ndiwo makamaka umakoka madziwo, monga anali ataganizira Kepler.

MLANDU WA KU ROME

Adani ake anayamba kunena kuti ciphunzitso ca Copernicus cimatsutsa Malembo Oyera, makamaka nkhani ya Yoswa ndi kuima kwa dzuwa. Galileo anali Mkatolika, ndipo maganizo ake anali akuti Malembo analembedwa m'cinenero cimene anthu wamba angamve kuti apeze cipulumutso, osati kuti aphunzitse mayendedwe a nyenyezi. Mu 1616 akuluakulu a Mpingo ku Rome anagamula kuti ciphunzitsoco ncolakwika, ndipo Kadinala Robert Bellarmine anamcenjeza kuti asacikhulupirire kapena kuciteteza.

Mu 1623 bwenzi lake, Kadinala Maffeo Barberini, anasankhidwa kukhala Papa Urban VIII. Iye anamlola kulemba za maganizo onse awiri, malinga ngati sanena kuti a Copernicus ndiwo oona. Buku linaturuka mu 1632, lolembedwa m'Citaliyana cimene anthu ambiri anali kumva, ndipo linali lokambirana pakati pa anthu atatu. Aliyense woliwerenga anaona kuti mbali ya Copernicus ndiyo inapambana. Coipa koposa, mfundo imene Papa anali kuikonda inaikidwa m'kamwa mwa Simplicio, munthu amene anali kugonja pa mikangano yonse ya m'bukumo. Papa anakwiya, ndipo ubwenzi unatha.

Galileo anaitanidwa ku Rome ali ndi zaka 68 ndiponso akudwala. Anafunsidwa kangapo ndi khoti la Mpingo, naopsezedwa ndi cizunzo, ngakhale kuti sanamzunze. Pa 22 Juni 1633 anagwada pamaso pa oweruza nawerenga mau okana ciphunzitso cakuti dziko limayenda. Buku lake linaletsedwa. Cilango ca ndende cinasinthidwa kukhala ukaidi wa pakhomo, poyamba ku Siena, kenaka m'nyumba yake ku Arcetri, pafupi ndi Florence.

MASIKU OTSIRIZA

Pafupi ndi nyumbayo panali nyumba ya asisitere kumene kunali kukhala ana ake akazi awiri. Wamkulu, Virginia, amene anatenga dzina la Maria Celeste, ndiye anali citonthozo cake, pakuti anali kumlembera makalata, kumkonzera mankhwala ndi kuyang'anira za pakhomo pake pamene iye anali ku mlandu. Mwanayo anamwalira pa 2 Epulo 1634, patangopita miyezi inai atate ake atabwerera, ndipo nkhalambayo inasweka mtima.

Komabe sanaleke nchito. Analemba buku la mayendedwe a zinthu zakugwa ndi kulimba kwa mitengo ndi zitsulo, limene linasindikizidwa ku Leiden, m'dziko la Holland, mu 1638. Pofika caka cimeneco maso ake onse awiri anali atacita khungu. Munthu amene anaona patali kuposa onse a m'nthawi yake anatsiriza zaka zake akulemberedwa ndi kuwerengeredwa ndi ophunzira ake, Vincenzo Viviani ndi Evangelista Torricelli. Mu 1641 anafotokozera mwana wake Vincenzo kapangidwe ka koloko yoyendetsedwa ndi cinthu colendewera, cida cimene openda nyenyezi anali kucisowa kwambiri. Koloko yotere inapangidwa ndi Huygens mu 1656.

Galileo anamwalira pa 8 Januwale 1642 ali ndi zaka 77. Cifukwa ca mlandu uja anamuika m'kacipinda kobisika ka chalichi ca Santa Croce ku Florence, ndipo mu 1737 ndi pamene mafupa ake anasamutsidwira m'manda aulemu m'chalichi comweco.

UMBONI UNADZA NDI ZIDA ZATSOPANO

Umboni umene iye anausowa unapezeka pamene amisiri anapanga zida zoposa zake. Mu 1668 Isaac Newton anapanga telesikopu yosonkhanitsa kuwala ndi kalilole m'malo mwa galasi lakutsogolo. Mu 1729 James Bradley wa ku England analengeza kuti malo a nyenyezi amasendera pang'ono caka ciliconse cifukwa ca liwiro la dziko. Mu 1838 Friedrich Bessel wa ku Königsberg anapima cinthu cimene Tycho analephera kuciona. Mukaimika cala patsogolo panu, ndi kutsinzina diso limodzi kenaka linzake, calaco cimaoneka ngati casuntha. Momwemonso nyenyezi yapafupi imaoneka ngati yasuntha pang'ono dziko likafika tsidya lina la dzuwa patapita miyezi 6. Kusunthaku nkocepa kwambiri, ndipo telesikopu ya Galileo sikadatha kukupima.

Mu 1835 buku lake linacotsedwa pa mndandanda wa mabuku oletsedwa. Pa 31 Okutobala 1992, Papa John Paul II, yemwe anacezera dziko lathu la Zambia mu 1989, anabvomereza poyera kuti akatswiri a zaumulungu a nthawi ya Galileo analakwa pa nkhaniyi. Combo ca mumlengalenga cochedwa dzina lake cinaturuka pa dziko mu 1989, cinafika ku Jupiter mu 1995, ndipo cinajambula pafupi miyezi inai ija.

Matelesikopu awiri a Galileo asungidwa m'nyumba ya zinthu zakale ya Museo Galileo ku Florence. Imodzi ndi ya mtengo wokutidwa ndi pepala, ina ndi ya mtengo wokutidwa ndi cikopa cokongoletsedwa ndi golide. Pomwepo palinso galasi lina lakutsogolo limene iye anali kugwiritsa nchito, ndipo nlong'aluka.

Ana a sukulu ndi aphunzitsi a m'midzi adziwe kuti thambo la kumudzi, kumene kulibe nyale zambiri za magetsi, nloyera kuposa la m'mizinda, makamaka mvula itangotha. Munthu amene angabwereke magalasi oonera patali, onga amene alonda a nyama za m'thengo amanyamula, nawatsamiritsa pa mtengo kuti asanjenjemere, angathe kuona timadontho towala pambali pa Jupiter. Akatijambula m'kope usiku uliwonse kwa sabata imodzi, adzaona tikusintha malo, monga momwe Galileo anaonera mu Januwale 1610.